Kulimbitsa galimoto zakale zamphamvu ndi ma torque box

Ford Mustang ya m'zaka za m'ma 1960 ndi Dodge Charger ya nthawi yomweyo zilibe chasisi yapayokha imene bodi imakhazikidwapo, pamene Chevrolet Chevelle ndi Pontiac GTO za nthawi imeneyo zili nayo. Bodi yeniyeniyo ndi imene imasenza chilichonse. Kutsogolo kuli mitanda iwiri yachitsulo yonyamula injini, kumbuyo kulinso ina iwiri, koma mitandayi siikumana. Pakati pake pali chitsulo chopyapyala cha pansi pa mipando, ndiponso zitsulo ziwiri zazitali zodutsa m'munsi mwa zitseko. Injini ikakoka mwamphamvu, kapena tayala limodzi likagwera m'dzenje, bodi yonse imapotoka pang'ono, ndipo zikachitika kwa zaka makumi asanu zotsatira zake zimaoneka: zitseko zimayamba kukhula potseka, ndipo penti imachita ming'alu pamene denga likumana ndi mbali za kumbuyo.

Torque box ndi kabokosi kachitsulo chochindikala kamene kamawotchereredwa pangodya, kulumikiza mtanda ndi chitsulo cha m'munsi mwa chitseko, kuti mphamvu yopotokola isathere pa chitsulo chopyapyala chija. Opanga galimoto ankaudziwa bwino ubwino wake, koma ankaika mabokosiwa pokhapokha pamene aona kuti sangachitire mwina. Pa Mustang za 1965 ndi 1966, mabokosi akutsogolo ankapezeka pa galimoto za denga lopinda zokha, chifukwa galimoto yopanda denga lachitsulo imakhala yofooka kwambiri. Mu 1967 za denga lachitsulo zinalandira bokosi limodzi kumbali ya dalaivala, ndipo mu 1968 zinalandira mbali zonse ziwiri. Nayo kampani ya Chrysler, imene inkapanga Dodge Charger, inkaika mabokosiwa pa galimoto za denga lopinda ndi pa zimene zinali ndi injini ya 426 Hemi, ya malita pafupifupi 7, imene inkagulitsidwa kuyambira 1966 mpaka 1971. Choncho munthu amene akuika injini yaikulu ndi matayala otakata pa galimoto imene inatuluka ndi kainjini kakang'ono akungochita zimene akufakitale akanachita okha.

Ine ndimaona kuti kugula mabokosi ndi kuwawotcherera ndi mbali yaing'ono ya ntchitoyi. Chachikulu ndi mmene galimotoyo yakhalira pa nthawi imene moto ukuyaka, chifukwa bokosi limamanga bodi mmene laipezera. Ngati galimoto yaimikidwa pa jeki imodzi, ngodya ina ili lende, kupotoka kumeneko kudzakhalapo mpaka kalekale, ndipo chitseko chimene chinkavuta masiku ena chidzayamba kuvuta tsiku lililonse. Galimoto iyenera kukhala pamalo osalala, itachirikizidwa mofanana mbali zonse, ndipo ndi bwino kuti kulemera kwake kukhale pa matayala kapena pamene masipuling'i agwira. Musanayatse makina owotcherera, yezani mipata ya m'mphepete mwa zitseko, yezaninso mopingasa kuchokera pangodya ina kufika pa inzake, kenako tsegulani ndi kutseka zitseko zonse. Mukangogwiriza bokosi powotcherera timadontho tochepa, bwerezani kuyeza konseko, pakuti apa ndi pamene cholakwika chingakonzedwe mosavuta.

Nkhani ina imene anthu amaithamangira ndi ya dzimbiri. Malo amene bokosi limakhala ndi omwenso matayala akutsogolo amaponyerako madzi ndi matope, ndipo chitsulo cha m'munsi mwa chitseko chimadyeka kuyambira mkati. Kunja penti imatha kuoneka yonyezimira, koma mukagogoda ndi hamala yaing'ono mumamva phokoso lakufa, ndipo tizidutswa tofiira timayoyoka pansi. Kuwotcherera bokosi latsopano pa chitsulo chotere kuli ngati kumangirira ng'ombe pa chikhomo chofumbwa. Mbali yodyekayo idulidwe mpaka pamene chitsulo chili chamoyo, ilowedwe m'malo ndi china, ndiyeno bokosi libwere pambuyo.

Powotcherera pafunika kudekha. Kapeti ichotsedwe, batire imasulidwe, ndipo mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, amene nthawi zambiri amadutsa pomwepo, asunthidwe kapena aphimbidwe, ndipo chozimira moto chikhale pafupi. Bokosi limakhala lochindikala kuposa chitsulo cha pansi pa mipando, motero moto ukalunjika pa chopyapyalacho umaboola. Amisiri ambiri amaboola timabowo m'mphepete mwa bokosi n'kumatidzaza kamodzikamodzi, akudumphadumpha malo kuti kutentha kusaunjikane ndi kupinda chitsulo. Mabokosi ogula kawirikawiri sakhala ndendende pa galimoto yakale, ndipo kuwasema pang'ono kuti agone bwino si chizindikiro chakuti mwagula zolakwika. Ntchito ikatha, mizere yonse yowotcherera imatidwe, mkati mupoperedwe mankhwala oteteza ku dzimbiri, koma timabowo totulutsira madzi tisatsekedwe.

Ena amafunsa ngati mabokosi okha ndi okwanira. Pa galimoto yongoyendera pamsewu, ya injini yapakatikati, ndinganene kuti inde. Amene akufuna kuthamangitsa galimoto pa mpikisano amawonjezera zitsulo zolumikiza mitanda ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndipo zitsulozi zimagwira ntchito limodzi ndi mabokosi. Amene ali ndi galimoto yosowa, imene mtengo wake wagona pa kukhala monga inatulukira kufakitale, aganize kawiri, popeza chowotcherera sichichoka popanda kusiya chipsera, ndipo wogula wodziwa bwino amayamba wasuzumira kunsi kwa galimoto asanakambe za mtengo.