Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Phazi lomwe linkatidyetsa

Mu gawo lapitali ndinalekezera pomwe ananditulutsa m'chipatala nditachita ngozi yapamsewu, zitsulo zili m'mwendo wakumanja. Obwera kudzazonda ankati chachikulu ndi moyo, ndipo sankanama. Koma ine ndine telala, makina anga ndi opalasa ndi phazi.

Fupa linalumikizana bwinobwino, koma pakakolo panauma. Ndikati ndipalase, phazi linkangoti gwa ngati chikuni, makina n'kubwerera m'mbuyo, ulusi n'kupiringizana kunsi kwa nsalu. Diresi lomwe kale ndinkalimaliza dzuwa lisanapendeke linayamba kugonera pamakina, mpaka mwiniwake kudzatenga nsalu yake. Sankakalipa ayi, ankapepesa ndithu, koma sankabweranso.

Zolipira kuchipatala zinali ndi polekezera, koma zinazi zinalibe. Akazi anga anasiya geni yawo kuti azindisambitsa ndi kundiperekeza ku mafizo, ndiye wogundidwa anali mmodzi koma osiya ntchito tinali awiri. Mpamba wa geniyo tinadya. Mwana wathu woyamba anakhala pakhomo teremu yathunthu. Tsiku lina akazi anga anati, "Abambo, makina achiwiriwa tigulitse, ngongole yatikwana." Tinagulitsa, ndipo mnyamata yemwe ndinkamuphunzitsa kusoka pamakinawo anachoka ntchito asanaidziwe bwino. Iyeyo mpaka pano amandimvetsa chisoni, chifukwa ngoziyo inamudula tsogolo pomwe pamsewupo panalibe.

Lipoti la 2023 la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamsewu chaka chilichonse. Chiwerengero chimenechi ndicho chimatchulidwa kawirikawiri. Koma bungwe lomweli limati ena 20 mpaka 50 miliyoni amavulala osafa, ambiri n'kutsala ndi ulumali, ndipo ine ndili m'gulu limenelo. Limatinso ngozizi zimalanda mayiko ambiri 3 peresenti ya chuma chomwe amapanga pachaka. Ndikamva zimenezi ndimaona amisiri, alimi ndi oyendetsa njinga omwe akali ndi nzeru za ntchito yawo yonse m'mutu, koma thupi likukana.

Chipukuta misozi cha inshulansi chinabwera mochedwa, chitatsala pang'ono kuiwalika. Anawerengera fupa lothyoka ndi masiku a m'chipatala. Zaka zomwe phazi lija likanasoka sanaziwerengere, ndipo ndalamayo inathera kubweza ngongole.

Mu gawo lotsatira ndidzafotokoza momwe ndinayambira kuphunzitsa phazi lakumanzere kupalasa makina.