Chifukwa chake paipi imaphulika usiku, osati masana

Mipopi ya madzi oyenda okha kuchokera m'mapiri, imene inayambira ku Chingale m'boma la Zomba mu 1968 n'kufalikira ku Mulanje ndi Phalombe, sifuna injini kapena magetsi. Chokankha madzi ndi kutsetsereka kwa malo basi. Koma kutsetsereka komweko n'kumenenso kumaswa mapaipi.

Masamu ake ndi awa: madzi akatsika mamita 10, presha imakwera ndi bar imodzi (bar ndi muyezo wa presha). Paipi ya pulasitiki ya PVC yolembedwa Class 6 imapirira kutsika kwa mamita 60, Class 10 mamita 100, Class 16 mamita 160. Masana anthu akamatunga, madzi amakhulana ndi m'kati mwa paipi ndipo presha ina imathera m'njira. Usiku mipopi yonse ikatsekedwa madzi amangoti zii, kukhulana kulibe, ndiye paipi ya kudambo imasenza kulemera konse kuyambira pathanki yosungira madzi kumtunda. Ngati thanki ili mamita 90 pamwamba ndipo munakwirira Class 6 poona kutchipa, konzekerani khasu. Posankha paipi, injiniya amawerengera madzi oima, osati oyenda.

Phiri likatalika kwambiri, pakati panjira pamamangidwa kathanki kothyola presha. Madzi amagwera mmenemo n'kuyambiranso pa ziro. Kathankika kamadalira valavu yoyandama, yofanana ndi ya m'thanki ya chimbudzi chogejemula. Valavuyo ikafa madzi amasefukira, ndipo okonza ena amangolumikiza paipi kulambalala kathankiko. Pamenepo paipi ya kumunsi yayamba kusenza presha ya zigawo ziwiri, ndipo pophulikira sipakhala pamene alumikizapo, pamakhala kutali, kumudzi wosalakwa.

Vuto la masana ndi lina: mipopi ya kumapeto ndi ya pazitunda kuuma. Madzi odutsa m'paipi akachuluka kawiri, presha yotayika imachuluka pafupifupi kanayi. N'chifukwa chake kuwonjezera mipopi pa paipi ya mamilimita 32 popanda kuwerengera kumalanda madzi a anthu akutali. Kukula kwa paipi ndiye nkhani yaikulu: mukachotsa ya 32 n'kuika ya 63, madzi omwewo amataya presha yochepa pafupifupi ka 30. Komabe musakulitse mopitirira, chifukwa madzi oyenda pang'onopang'ono, osafika mamita 0.7 pa sekondi, amasiya mchenga ndi matope m'paipi.

Mpweya nawo umanamiza ambiri. Paipi ikakwera chitunda n'kutsikanso, mpweya umasonkhana pansonga n'kutsekereza madzi, anthu n'kumati gwero lauma. Pansonga iliyonse pamafunika valavu yotulutsa mpweya, ndipo m'chigwa yotayira matope. Mukakonza paipi, dzazani pang'onopang'ono, mipopi ya pazitunda ili yotsegula. Potseka valavu yaikulunso osafulumira: madzi othamanga akaimitsidwa mwadzidzidzi amamenya paipi ngati hamala, ndipo m'molumikizira ndimo mumayamba kudontha.

Zonsezi n'zachabe ngati gwero silinayezedwe. Tchingani mtsinje kuti madzi onse adutse m'kapaipi kamodzi, ikani ndowa ya malita 20, werengani nthawi. Ikadzaza m'masekondi 10, ndiye malita 2 pa sekondi, kapena malita 172,800 pa tsiku. Bwerezani katatu, ndipo muyeze mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe, osati mu Febuluwale pamene ngakhale kakhwawa kamadzitcha mtsinje.