Matani 337 adatenthedwa, koma madzi a ku Bhopal akadali ndi poizoni

Usiku wa pa 1 Januwale 2025, malole 12 adanyamuka mumzinda wa Bhopal ku India atasenza zinyalala za poizoni zolemera matani 337, apolisi ali kutsogolo ndi kumbuyo. Ulendo unali wa ku Pithampur, mtunda wa makilomita oposa 200, komwe adakazitentha mpaka kutha mu Juni chaka chomwecho. Ambiri adalandira nkhaniyi ngati kuti malo a fakitale ya Union Carbide ayeretsedwa tsopano. Ine ntchito yanga ndi ya mijigo, kukonza komanso kutunga madzi oti akayezedwe, ndipo mtima wanga sudakhazikike. Zomwe adanyamulazo ndi zomwe zidaunjikidwa m'shedi, zooneka ndi maso. Chomwe chikuvutitsa anthu oyandikana ndi fakitaleyo chili pansi pa nthaka, m'madzi.

Bhopal timaidziwa chifukwa cha usiku wa pa 2 Disembala 1984, pomwe mpweya wa methyl isocyanate udatuluka m'thanki n'kukuta nyumba za anthu ali m'tulo. Boma la chigawo cha Madhya Pradesh, momwe muli Bhopal, lidawerenga anthu akufa 3,787, pomwe ena amati pazaka zotsatira chiwerengero chidaposa 15,000. Koma vuto la madzi lidayamba ngoziyo isadachitike. Fakitaleyi idatsegulidwa mu 1969 ndipo inkapanga mankhwala ophera tizilombo ta m'munda otchedwa Sevin. Zotsalira ankazikwirira m'maenje mkati mwa mpanda, madzi oipa n'kumawathira m'maiwe akuluakulu kunja, poganiza kuti dzuwa liwaumitsa. Maiwewo ankadontha. Fakitale itatsekedwa, mvula ya chaka ndi chaka idapitiriza kutsitsira mankhwalawo pansi.

Mu 1999 a bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace adayeza dothi ndi madzi a m'derali. Adapeza mercury m'dothi la pafakitale, ndipo m'mijigo ya m'madera ngati Atal Ayub Nagar adapezamo carbon tetrachloride ndi chloroform wochuluka zedi. Mu 2009 bungwe la Centre for Science and Environment la ku Delhi lidapeza mankhwala ophera tizilombo m'madzi a pansi pa nthaka, pa mtunda wa makilomita atatu kuchokera pafakitale.

Ndikamatunga madzi pamjigo, ndimayamba ndapopa kanthawi kuti ogonera m'mapaipi atuluke, n'kuwaula pakamwa pa mpopi, kenako botolo n'kulitseka msanga n'kuliika m'bokosi lozizira. Pamakhala posasowa mayi wondifunsa kuti, "Achimwene, madziwa ali bwino? Si awa akuoneka mbee?" Chomwe timayang'ana nthawi zambiri ndi tizilombo tochokera m'zimbudzi ndi mchere. Tizilombo tikapezeka, yankho lilipo: klorini, kapena kuwiritsa. Mankhwala ambiri a m'fakitale sagonja ndi zimenezi. Klorini sawapha chifukwa alibe moyo, ndipo mercury sichoka m'madzi chifukwa choti mphika wabwadamuka. Ngakhale kuwapeza kumene kumafuna makina ena odula, ndiye ngati palibe wapempha kuti ayezedwe, madzi atha kulembedwa kuti ndi abwino poizoni ali momwemo. Izi n'zomwe zimandiopsa kwambiri pankhani ya Bhopal.

Kuyeretsa madzi a pansi kumatheka, koma n'kwapang'onopang'ono. Amayamba akumba zitsime zing'onozing'ono zoyezera kuti adziwe komwe poizoni wafika ndi komwe akulowera, poti madzi a pansi nawo amayenda. Kenako amafukula dothi loipa lomwe ndi gwero lake. Akatero amapopa madzi, kuwadutsitsa m'mathanki odzadza makala apadera omwe amagwira mankhwalawo, n'kuwabwezera pansi ali oyera. Chovuta n'chakuti mankhwala ena, monga carbon tetrachloride, ndi olemera kuposa madzi. Amamira mpaka kukakhala m'ming'alu ya miyala, n'kumasungunuka pang'onopang'ono kwa zaka zambirimbiri. Kupopa madzi usadachotse gwero kuli ngati kukapa bwato lobooka.

Ku Rocky Mountain Arsenal, pafupi ndi mzinda wa Denver ku America, asilikali ankapanga zida za mankhwala ndipo kampani ya Shell inkapanganso mankhwala ophera tizilombo, monga dieldrin, mpaka 1982. Kumeneko adamanga makoma a dongo pansi pa nthaka otchinga madzi oipa, n'kuyamba kupopa ndi kusefa kumapeto a zaka za m'ma 1970. Ntchito ya dothi idatha mu 2010 itadya ndalama zoposa madola 2 biliyoni, asilikali ndi Shell atagawana bilu. Malowo lero ndi nkhalango yosungira nyama, komabe madzi a pansi akusefedwabe. Ngati dziko lolemera choncho latenga zaka zoposa 40 lisadamalize, nanga komwe ntchitoyi sidayambe n'komwe?

Ku Bhopal chomwe chachedwetsa zinthu ndi kukankhirana. Madola 470 miliyoni omwe Union Carbide idalipira mu 1989 anali chipukuta misozi cha ngozi ya mpweya. Mu 1994 kampaniyi idagulitsa gawo lake m'nthambi ya ku India, mu 1998 malowo adabwerera m'manja mwa boma la Madhya Pradesh ali osayeretsedwa, ndipo mu 2001 kampani ya Dow Chemical idagula Union Carbide. Dow imati fakitaleyo sidayiyendetsepo, choncho mlanduwo si wake. Mu 2010 akatswiri a bungwe la boma la NEERI adati dothi loipa likukwana matani pafupifupi 1.1 miliyoni. Ikani nambala imeneyi pambali pa 337 ija.

Mu 2004 khoti lalikulu la dziko la India lidalamula kuti anthu a m'madera okhudzidwa apatsidwe madzi abwino. Poyamba madera anali 14, pofika 2018 adafika 42. Mapaipi adachedwa zaka, ndipo mijigo ina adangoipaka penti yofiira kuti anthu asamamwe. Penti ndimaidziwa mphamvu yake. Mpopi ukauma masiku awiri, mwana akulira ludzu, mayi amatenga ndowa n'kupita pamjigo womwewo, ndipo sindingamudzudzule. Madzi a m'mapaipi ndi ofunika, adapulumutsa ambiri, koma amangopatutsa anthu pa poizoni, poizoniyo akupitirira ulendo wake kunsi.

Anthu a ku Pithampur adachita zionetsero kukana kuti zinyalala zitenthedwe kwawo, ndipo ndimawamvetsa, chifukwa adaona momwe anzawo a ku Bhopal adasiyidwira. Boma likadafuna kuti munthu wamba alikhulupirire, likadakumba zitsime zoyezera kuzungulira fakitale ndi maiwe aja, n'kumaika zotsatira poyera m'chilankhulo cha Hindi mwezi ndi mwezi, kenako kuyamba kufukula dothi. Ndalama zake, mmene ndikuonera ine, ziyenera kuchokera kwa Dow. Idagula Union Carbide ikudziwa bwino lomwe zomwe zidakwiriridwa ku Bhopal.