Chimbale choyamba chimene tidajambula mu situdiyo yathu

Situdiyo yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi mayi a kunyumba. Iwo amasunga mabuku a ndalama ndi kukambirana ndi makasitomala, ine ntchito yanga ndi ya pakompyuta ndi mahedifoni. Tidayamba ndi zing'onozing'ono, kujambula malonda a pawailesi ndi nyimbo imodziimodzi ya makwaya.

Ntchito yaikulu yoyamba adatibweretsera mtsikana wina wopeka yekha nyimbo zauzimu, woyimba ndi gitala. Adali ndi nyimbo khumi m'kope. Mayimbidwe ake ndi aja adakula ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, pomwe achinyamata a Jesus Movement adayamba kutamanda Mulungu ndi magitala ndi ng'oma: munthu mmodzi kuyimba za chikhulupiriro chake m'mawu a tsiku ndi tsiku.

Adali wamakani, koma makani abwino. Maikolofoni ya condenser imatola chilichonse, mpweya ngakhalenso kulira kwa zala zikamatsetsereka pansambo. Nditafuna kufufuta zimenezi adakana, Auto-Tune, pulogalamu ya pakompyuta yowongola mawu a woyimba akaphonya chuni, adakananso. Tidalimbana kwambiri pa nyimbo yachisanu ndi chiwiri, yodekha, yamakodi (chords) anayi okha a gitala. Iye mawu ake amakwera patali. Ndidamupempha kuti titsitse kiyi kuti bambo wokhala pabenchi ya kumbuyo m'tchalitchi azitha kufikapo osatsamwa. Adavomera monyinyirika, nkhope ili gwaa.

Chitatuluka chimbale, a wailesi adatola nyimbo yoyamba, yothamanga, monga tinkayembekezera. Pa Facebook anthu adagawikana. Ena ankati gitala wakeyo akumveka zachikunja, ena ankadandaula kuti nyimbo ziwiri zikungofunsa Mulungu mafunso m'malo momutamanda. Mwini wake ankangowauza kuti akawerenge Masalmo. Ine mpaka lero ndimaona kuti nyimbo ziwirizo ndiye zolembedwa bwino kuposa zonse, ngakhale sizidapite patali.

Za ndalama za pa intaneti, tisanamizane. Tidatumiza nyimbo kudzera ku DistroKid, kampani yomwe imafikitsa nyimbo kumalo omvera nyimbo pa intaneti monga Spotify, iliyonse ndi ISRC yake, nambala ya zilembo 12 imene imazindikiritsa nyimbo yojambulidwa. Spotify imawerengera kuti munthu wamvera akapitirira masekondi 30, ndipo kuyambira 2024 nyimbo yosafika maulendo 1,000 pa miyezi 12 silandira kanthu. Mwa nyimbo khumi zija, zambiri sizidafikepo. Ku YouTube nako, kuti uyambe kudya za malonda a pakanema pamafunika anthu 1,000 okutsatira ndi maola 4,000 owonera. Chidatithandiza n'chakuti mayi a kunyumba adaumirira pepala la mgwirizano tisanayambe: mawu ndi chuni ndi za woyimba, koma pa chojambulidwacho situdiyo ili ndi gawo.

Kenaka mafoni adayamba kulira, onse za nyimbo yachisanu ndi chiwiri ija. Atsogoleri a praise team ankafuna makodi. Ena ankafuna zoyimbira zokha zopanda mawu, chifukwa kumpingo kwawo woyimba kiyibodi amabwera mwa apo ndi apo. Makwaya a amayi ankapempha kiyi yokwererako, a abambo yotsikirako. Tidamva kuti ikuyimbidwa m'mipingo yomwe anthu ake sadziwa n'komwe dzina la woipeka, ena akuyesa kuti ndi kolasi yakalekale. Mtsikanayo zidamuwawa pang'ono, ine ndidaona msika.

Lero gawo lalikulu la ndalama zathu limachokera kumeneko. Nyimbo iliyonse tikaijambula timakonzeratu ina yopanda mawu m'makiyi angapo, pamodzi ndi pepala la makodi, ndipo woipeka amalandira gawo lake. Makwaya obwera kudzagula zimenezi ambiri amatha n'kusungitsa tsiku lodzajambula zawo.

Chimbale chachiwiri cha mtsikana uja tachiyamba. Ulendo uno wabwera ndi anthu a mumpingo mwake, osati akatswiri, kuti ayambe ayimba kolasi iliyonse tisanasankhe kiyi. Za Auto-Tune akukanabe.