Loweruka: chidole cha mano a ng'ona

Mvula yamawawa yayamba mbandakucha kuno ku Mzuzu ndipo sinakate mpaka madzulo. Nditangotsika kabaza ku Chibavi, mwana wanga wa Sitandade 5 anandithamangira pageti.

"Adadi, onani dayinosa wouluka!"

Chinali chidole chapulasitiki chomwe amayi ake anamutolera pa kaunjika mumsika waukulu. Ndinachitembenuzatembenuza tili pakhonde. Kumutu chili ndi tsumba lalitali loloza kumbuyo, kukamwa mano ali mbuu ngati a ng'ona. Apa mpamene mtima unandipweteka pang'ono. Tsumba limenelo ndi la Pteranodon, amene mafupa ake anapezeka ku Kansas, ku America, ndipo analibe dzino ngakhale limodzi. Dzina lakelo limatanthauza phiko lopanda mano.

Ndinamuuzanso kuti ameneyu si dayinosa. Dayinosa weniweni ndi Malawisaurus wa ku Karonga uja. Zouluka izi, zomwe akatswiri amazitcha pterosaur, ndi gulu lakelake la nyama zokwawa, asuweni chabe a madayinosa. Zinayamba kuoneka zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, n'kutheratu zaka 66 miliyoni zapitazo.

"Ndiye ndi mleme?"

Ndinamugwira dzanja, lozizira ngati mwala, n'kumuwerengetsa zala. Mleme chikopa cha phiko lake chimayalika pa zala zinayi, ngati nsalu ya ambulera. Mbalame imadalira nthenga. Koma pterosaur phiko lonse linkapachikika pa chala chimodzi, chachinayi, chomwe chinatalika modabwitsa, ndipo chikopa chinkachoka kunsonga ya chalacho mpaka kumwendo. Zala zitatu zinazo zinali tating'ono, ta zikhadabo. Ine chimenechi ndiye chimandigometsa kuposa zonse: nyama yathunthu kukwera mumlengalenga ndi chala chomwe ife timavalapo mphete. Mu 1784, katswiri wina, Cosimo Collini, ataona mafupa oyamba a pterosaur m'mwala wa ku Bavaria, ku Germany, anaganiza kuti n'chamoyo cha m'madzi. Kenako katswiri wa ku France, Georges Cuvier, anatsimikiza kuti chala chija chinali cha phiko.

Pofuna kusiyanitsa mitundu ya pterosaur, yang'anani kumchira. Za mtundu wakale, monga Rhamphorhynchus, zinali ndi mchira wautali, khosi lalifupi ndi mano. Zobwera pambuyo mchira unafupika, khosi n'kutalika, ndipo zina mano zinalibe. M'gulu limeneli muli Quetzalcoatlus, wopezeka ku Texas mu 1971, yemwe akatambasula mapiko ankakwana mamita ngati 10.

Usiku ndiwo inali nkhuku. Mwana anathyola kafupa ka phiko n'kusuzumiramo, ndipo ndinamuuza kuti mafupa a pterosaur analinso amphako choncho, n'chifukwa chake ankapepuka. Magetsi anazima tili pakati pa nsima. Panopa ndikulemba ndi tochi ya foni, iye ali pamkeka ndi kandulo, wabwereka chowengera zikhadabo cha amayi ake, akudula mano a chidole chija limodzilimodzi.