Aliyense amasankha chaka chimene akufuna kukumbukira

Mkangano wa ndondomeko za chuma ukafika pamene manambala alephera kugonjetsa mbali iliyonse, pamapezeka munthu wina amene amatulutsa mbiri yakale n'kunena kuti zimenezi zinayesedwapo kale ndipo aliyense akudziwa mmene zinathera. Mawu otere amamveka ngati atseka nkhani, koma ine ndimaona kuti mbiri yakale siigamula mlandu payokha, chifukwa zaka zakale n'zambirimbiri, ndipo wolankhula amatolapo chaka chimene chikugwirizana ndi chinthu chimene iye amachiopa kwambiri. Chomwe chimamutsogolera posankhapo ndi zimene amakhulupirira pa ntchito ya boma, komanso pa nkhani yoti ndani ayenera kusenza mavuto zinthu zikathina, ndipo amenewa ndi mafunso a filosofi ngakhale wolankhulayo atakhala kuti sanatsegulepo buku la filosofi.

Dziko la Germany limaonetsa bwino zimenezi. M'chaka cha 1923 boma la kumeneko linasindikiza ndalama mopanda malire, mwakuti pofika mwezi wa Novembala dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi mamaki 4.2 thililiyoni. Anthu ena apantchito ankalandira malipiro kawiri pa tsiku, n'kuthamanga nawo kukagula chilichonse chimene angapeze mitengo isanakwerenso madzulo, ndipo amene anasunga ndalama kubanki moyo wawo wonse anapeza kuti ndalamazo sizingagule ngakhale sitampa ya kalata. Chilonda chimenecho sichinapole msanga, ndipo n'chifukwa chake banki yaikulu ya dzikolo, Bundesbank, inakhala yotchuka ndi kudana ndi kukwera mitengo kwa zinthu kuposa vuto lina lililonse.

Komatu Adolf Hitler sanatenge boma mu 1923. Anatenga mu Januwale 1933, patadutsa zaka pafupifupi khumi ndalama ya dzikolo itakhazikika kale. Zimene zinachitika pakatipo sizitchulidwa kawirikawiri. Kuyambira 1930 mpaka 1932, mtsogoleri wa boma Heinrich Brüning anadula bajeti, anatsitsa malipiro ndi kukweza misonkho pa nthawi imene malonda anali atagwa kale pa dziko lonse, ndipo chiwerengero cha anthu osowa ntchito chinafika pafupifupi 6 miliyoni. Chipani cha Hitler cha Nazi, chimene chinapeza mavoti osakwana 3 pa 100 alionse mu 1928, chinapeza oposa 37 pa 100 alionse mu Julayi 1932. Choncho dziko limodzi lomwelo, m'zaka khumi zokha, lili ndi phunziro la munthu woopa boma lowononga ndalama komanso phunziro la munthu woopa boma loumira pa nthawi ya ulova, ndipo onse awiri akunena zoona.

Anthu a ku America amakumbukira zaka zina. Kwa iwo tsoka lalikulu linali la 1929 mpaka 1933, pamene mabanki masauzande ambiri anagwa ndipo munthu mmodzi mwa anayi alionse ofuna ntchito analibe ntchito. Ben Bernanke, amene ankatsogolera banki yaikulu ya dzikolo pamene chuma chinagwedezeka mu 2008, anali atathera zaka zambiri pa yunivesite akufufuza nyengo imeneyo, ndipo sizodabwitsa kuti anatsitsa chiwongoladzanja mpaka pafupifupi ziro ndi kuthira ndalama zochuluka m'mabanki. Ku Ulaya zinthu zinayenda mosiyana. Dziko la Greece litatsala pang'ono kulephera kubweza ngongole zake mu 2010, linapatsidwa thandizo ndi mayiko ena, kuphatikizapo Germany, pokhapokha litadula bajeti kwambiri, ndipo m'zaka zotsatira chuma chake chinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Agiriki nawonso anatulutsa chaka chawo, 1953, pamene mayiko anakumana ku London n'kukhululukira West Germany pafupifupi theka la ngongole zake zakunja, Greece ili m'gulu la okhululukawo.

Pansi pa mkangano umenewo panali funso lakale kwambiri kuposa yuro, ndalama imene Greece ndi Germany amagwiritsa ntchito limodzi. Kodi ngongole ndi lonjezo loyenera kusungidwa ngakhale kulisunga kukupweteke, chifukwa popanda kukhulupirika palibe angabwereke mnzake mawa? Kapena kodi chinthu chiyenera kuweruzidwa ndi zotsatira zake pa miyoyo ya anthu, kuphatikizapo achinyamata amene sanasainire ngongoleyo? Ine ndimapendekera ku mbali yachiwiri, ngakhale sindiona ngati oganiza za mbali yoyamba ndi anthu ouma mtima, pakuti nawonso amateteza wosauka amene ndalama zake zochepa zimasungunuka boma likayamba kusindikiza ndalama mwachisawawa.

Pamene filosofi imandiopsa m'pamene yasanduka chiphunzitso chosafunsidwa. Matenda atagwira mbatata ya kachewere ku Ireland kuyambira 1845, boma la Britain, limene linkalamulira chilumbacho, linali m'manja mwa anthu okhulupirira kuti msika suyenera kusokonezedwa ndiponso kuti thandizo laulere limaononga khalidwe la munthu. M'nyengo yozizira ya 1846 kulowa 1847, anthu anjala anauzidwa kuti aziphwanya miyala ndi kulambula misewu kuti alandire kamalipiro kogulira chakudya chimene mtengo wake unali utakwera kale, uku zombo zikupitiriza kunyamula mbewu ndi ziweto kuchoka pa chilumbacho. Boma litasintha maganizo mu 1847 n'kutsegula malo ophikira anthu chakudya, linadyetsa anthu pafupifupi 3 miliyoni pa tsiku, zomwe zikusonyeza kuti mphamvu zochitira zimenezo linali nazo, koma malowo anatsekedwa chaka chomwecho chisanathe. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndipo ena ochuluka chimodzimodzi anasamuka.

Akuluakulu a nthawiyo ankadziona ngati ophunzira a Adam Smith, amene buku lake la za chuma linatuluka mu 1776. Zimaiwalika kuti Smith anali mphunzitsi wa filosofi ya makhalidwe pa yunivesite ya Glasgow, kuti anachenjeza za amalonda amene amapangana mobisa kukweza mitengo, ndiponso kuti anadzudzula kwambiri East India Company, kampani ya ku Britain imene inkachita malonda ndi kulamulira madera ena a ku India. Oganiza mozama nawonso amawerengedwa modumphadumpha, ngati mmene zimakhalira ndi zaka.

Amartya Sen, katswiri wa za chuma wa ku India, ndi mmodzi mwa anthu amene anagwiritsa ntchito mbiri ndi filosofi moti chimodzi chizidzudzula chinzake. Anaona njala ya 1943 ya ku Bengal, dera la ku India, ali mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, njala imene inapha anthu pafupifupi 3 miliyoni, ndipo atakula anasonyeza kuti vuto lalikulu silinali kusowa kwa mpunga m'dera lonse, koma kuti mitengo inathawa malipiro a aganyu a m'minda, asodzi ndi amisiri. Kuchokera pamenepo anafika pa mfundo yakuti njala yaikulu siichitika m'dziko limene muli zisankho zenizeni ndi atolankhani omasuka, chifukwa atsogoleri oopa kuluza mavoti sangabise mitembo. Sanabise umboni wotsutsana ndi mbali yake: anavomereza kuti ngakhale China inataya anthu mamiliyoni ambiri pa njala ya 1959 mpaka 1961, inaposa India pa kutalikitsa moyo wa anthu wamba m'zaka zopanda njala, ndipo kuti ufulu wovota wa ku India, umene unaletsa njala zoopsa, unalephera kuthetsa kunyentchera kwa ana kumene sikufika pa tsamba loyamba la nyuzipepala.