Tambala wa amayi ku koleji

Poti ena mwayamba kale kunditchula "mwana wa amayi" pa gulu la WhatsApp, imvani kwa mwiniwakene. Kanema akuzungulirayo ndi woduladula.

Inde, amayi anandiperekeza, ine bambo wa zaka 45, imvi zili mbuu. Koma fomu ija inali ndi malo akuti kholo lisainire, ndipo ine ndinangowawerengera moseka. Kwathu ku Khombedza, pamtundu pathu palibe anapondapo pa koleji, ndiye iwo anamva kuti boma lawaitana. M'mawa ndinawapeza pa Kamuzu Road atakwera kale kabaza, chitenje chatsopano, mpunga pamiyendo, tambala kukhwapa. Inuyo mukanawatsitsa?

Mu ofesi tinapezamo mphunzitsi, kamnyamata koti pomwe ndinkalemba MSCE koyamba mu 1999 kanali kakukwawa. Amayi anagwada pasimenti.

"Aphunzitsi, mwanayu ndamusiya m'manja mwanu. Akachita mwano mkwapuleni, ndevuzo musaziope."

"Agogo, kuno sitikwapula."

"Ndiye adzakhoza bwanji? Ameneyu masamu amalowera kumatako."

Apo m'pamene tambala anapulumuka. Sanathawire kunyanja ayi, analunjika m'chipinda cha makompyuta, ngati nayenso walipira fizi. Anakwera patebulo, nayenda pa kiyibodi pang'onopang'ono, phazi limodzi, kuima, kuyang'ana sikirini ndi diso lakumanja, kenako lakumanzere. Analemba mizere yambiri kuposa imene ine ndalembapo pa kompyuta chibadwire. Atakhutira ndi ntchito yake anatambasula mapiko n'kulira, dzuwa lili pamutu. Ana onse foni m'mwamba. Ine ndili chokwawa pansi pa matebulo mu suti yaukwati, thalauza litang'ambika malo osatchulika, amayi ali pakhomo kukuwa kuti, "Mwaona aphunzitsi? Ngakhale nkhuku imamupambana nzeru!"

Sekani, koma makirediti amene andilowetsa muno ndinawapeza kusukulu yamadzulo, nditaswera kugulitsa usipa, fungo lili thoo m'kalasi. Ndipo nkhuku yaku Khombedza si yogwira ndi manja, funsani aliyense. Mlonda yemwe anaigwira anachita kuiponyera jekete.

Kenako anatiuza kuti malo a kholo aja ndi a ana osakwana zaka 18. Mphunzitsi mpunga analandira, tambala anapita ndi mlonda.

Amayi akufuna chingwe chimene anamangira miyendo ya tambalayo. Amene anachitola abweze, akuti ndi cha mbuzi.